Kuunika buku: miyambi 2000 ya Chakanza ndi vuto la tanthauzo limodzi

Buku la Joseph Chaphadzika Chakanza lochedwa Wisdom of the People: 2000 Chinyanja Proverbs lidatuluka m'caka ca 2000 ku Blantyre. Adalisindikiza ndi a CLAIM, m'gulu la mabuku a Kachere. Mlembi wake adali wansembe wa mpingo wa Katolika komanso mphunzitsi wa maphunziro a zipembedzo pa Chancellor College ku Zomba, ndipo adamwalira mu 2019. Ngakhale papita zaka zoposa 20, bukuli likadali m'gulu la mabuku akuluakulu osonkhanitsa miyambi ya cilankhuloci, moti mphunzitsi kapena wofufuza wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Lago amene akufuna miyambi yolembedwa sacedwa kulozeredwa ku buku limeneli. Ubwino wake ndi woonekeratu. Koma pali funso limene liyenera kufunsidwa bukuli lisanalowe m'kalasi: mwambi ukacoka pakamwa pa munthu n'kuikidwa pa mndandanda, nambala pambali, tanthauzo pansi pake, cimatsala n'ciyani ndipo cimatayika n'ciyani?

Zimene bukuli lidakwanitsa

Coyamba ndi dzina. Mu 1968 dziko la Malawi lidasintha dzina la cilankhuloci kucoka pa Cinyanja kukhala Cicewa. Chakanza adabwerera ku dzina lakale pa cikuto ca buku lake, ndipo potero adatsegulira khomo anthu a ku Tete, Niassa, Zambézia ndi kum'mawa kwa Zambia, amene miyambiyi ndi yawonso. Munthu wa ku Ulónguè sakhala mlendo m'bukuli, pakuti miyambi ngati "Mutu umodzi susenza denga" ndi "Safunsa adadya phula" adaimva kale kwa agogo ake. Kusiyana kumene angakuone msanga ndi kwa kalembedwe: bukuli limalemba ch motsata malamulo a ku Malawi, pamene ku Mozambique, kutsatira misonkhano ya kalembedwe imene idayamba mu 1988, amalemba c.

Caciwiri ndi kuculuka kwa miyambiyo. Chakanza sadali woyamba pa nchitoyi. William Percival Johnson, m'mishoni wa Anglican amene adagwira nchito zaka zambiri pa Likoma ndi m'midzi ya kugombe la kum'mawa kwa nyanja ya Niassa, adasindikiza kabuku kochedwa Chinyanja Proverbs mu 1922. Buku la Stevenson Kumakanga, Nzeru za Kale, lidawerengedwa m'sukulu za ku Malawi kwa zaka zambiri. Koma miyambi 2000 ikakhala pamalo amodzi imaonetsa zinthu zimene miyambi 50 singaonetse.

Cimodzi mwa zinthuzo ndi luso losandutsa khalidwe kukhala dzina la munthu. Pali Safunsa uja adadya phula. Pali Zengerezu amene adalinda kwawukwawu. Pali Kandimverere, wotuma anzake kukamumverera nkhani, amene adakanena za m'maluwa. Pali Ndadziwakale amene adamanga nyumba yopanda khomo. Anthu amenewa sadabadwepo, komabe mudzi uliwonse uli nawo. Cilankhulo cidatenga mneni kapena mawu amene munthu wotere amakonda kunena, n'kuwasandutsa dzina, kenaka n'kumupatsa mbiri ya mzere umodzi yothera pa manyazi. Phindu lake ndi lakuti munthu angadzudzulidwe pagulu popanda kumuchula. Wolakwayo amamva, anthu amaseka Safunsa, ndipo ubale suwonongeka.

Kuculuka kwa miyambi kumaonetsanso kuti eni ake sadali kumukometsa munthu. Amadziwa kuti anthu amaitana mnzawo pakalowa njoka, koma pakalowa mbewa amakumba okha. Amadziwa kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndi kuti anyani sasekana zikundu. Amene amaganiza kuti miyambi ya Cinyanja imangolalikira za umodzi ndi ulemu adzadabwa kuona kuti yambiri ndi yocenjeza, yonyogodola ndi yokayikira mtima wa munthu. Pa mfundo imeneyi buku lalikulu limaposa timabuku tosankha miyambi yokoma yokhayokha.

Kumene mndandanda umalephera

Kapangidwe ka bukuli n'kosavuta kutsata. Miyambi idaikidwa motsata alifabeti, uliwonse ndi nambala yake, kumasulira kwake m'Cingelezi ndi tanthauzo lake. Kwa wofuna kupeza msanga mwambi umene waumva, njira imeneyi ndi yothandiza. Vuto lake ndi lakuti imapatsa wowerenga ganizo loti mwambi uli ngati mawu a m'dikishonale, oti tanthauzo lake likadziwika nkhani yatha.

Miyambi iwiri yodziwika kwambiri ikuonetsa vutoli. Wina umati "Mawu a akulu akoma akagonera", kusonyeza kuti malangizo a akulu amamveka kukoma kwake pakapita nthawi, munthu atakumana nazo. Wina umati "Tsobola wakale sawawa", kusonyeza kuti zakale zidatha mphamvu. Pa mndandanda wa alifabeti wina uli ku M, wina ku T, ndipo pakati pake pali masamba ambirimbiri. Koma m'moyo iwiriyi imakumana m'nyumba imodzi. Bambo akaumirira kubzala cimanga pa nthawi imene makolo ake ankabzala, mwana wake n'kumanena kuti mvula idasintha kabweredwe, aliyense ali ndi mwambi womuikira kumbuyo. Matanthauzo onse awiri a m'buku ndi olondola, koma palibe limene likunena kuti pa mundawo caka cimeneco amveredwe ndani.

Miyambi yokokana cotere ndi yambiri. "Kuona maso a nkhono n'kudekha" umayamikira kufatsa, pamene Zengerezu akulangidwa cifukwa cocedwa. "Sunga khosi, mkanda woyera udzavala" umalimbikitsa kudikira zabwino za m'tsogolo, pamene "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno" umati cako ndi cimene wagwira kale. "Mutu umodzi susenza denga" umaitana anthu kuti athandizane, koma "Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko" umabweza udindo kwa mwini vuto. Nthawi zina alifabeti imaika miyambi yotere moyandikana mwangozi, monga "Mlendo ndi mame", wonena kuti mlendo sakhalitsa, ndi "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa", wonena kuti wobwera angathetse cimene eni mudzi calephera. Koma ngozi si njira yophunzitsira.

Kukokana kumeneku si cilema ca miyambi ya Cinyanja. Katswiri wa ku Ghana, Kwesi Yankah, adalemba nkhani mu 1984 yofunsa ngati miyambi imatsutsanadi, ndipo adaonetsa kuti kutsutsanako kumaoneka miyambi ikacotsedwa pa nkhani imene idanenedwera. Pakamwa pa wolankhula, mwambi ndi cida cokopera omvera pa mlandu umene ulipo nthawi imeneyo. Ngakhale buku la Miyambo m'Baibulo, pa mutu 26 ndime 4 ndi 5, lili ndi malangizo awiri otsatizana, lina loletsa kuyankha citsiru ndi lina lolamula kuciyankha. Adawaika pamodzi osawayanjanitsa, ndipo wowerenga amakakamizika kuganiza kuti ndi liti pamene lina ligwira nchito. Nzeru ya mwambi ili pa kusankha kumeneku, ndipo ndi imene mndandanda sungathe kuisunga.

Ruth Finnegan, m'buku lake la 1970 lochedwa Oral Literature in Africa, adaona kuti m'Cinyanja mawu akuti mwambi angaimire nthano, cilape kapena mwambi weniweniwo. Izi zikusonyeza kuti kwa eni cilankhulo mwambi ndi nkhani yofupikitsidwa, yokhala ndi anthu ake ndi mathero ake. Apa ndi pamene kabuku ka Kumakanga, ngakhale n'kakang'ono, kali ndi cimene buku la Chakanza lilibe: kamafotokoza miyambi m'Cinyanja momwemo, mothandizidwa ndi tinkhani, kotero wowerenga amaona mwambi ukugwira nchito pakati pa anthu.

Palinso funso la amene ali woyenera kunena mwambi. Pa bwalo la milandu, pa zokambirana za ankhoswe kapena pa maliro, mwambi womwewo ungakhazike mitima pansi kapena kuyatsa moto, malinga ndi msinkhu ndi udindo wa wounena. Mnyamata angauze mnzake kuti tsobola wakale sawawa, onse n'kuseka. Akanena mawu omwewo pamaso pa agogo ake, watukwana. Mwana wa m'mudzi amadziwa malire amenewa asanadziwe kuwerenga. Wophunzira mwambi kucokera pa mndandanda amalandira mpeni popanda kuuzidwa mbali yakuthwa.

Komabe pali cinthu cimodzi cimene kulemba kumateteza, ndipo pamenepa mabuku ngati limeneli ayenera kuyamikiridwa. Miyambi yambiri ili ndi zigawo ziwiri, ndipo polankhula anthu amanena coyamba cokha podziwa kuti omvera amaliza mumtima. Pakapita mibadwo, cigawo caciwiri cimaiwalika. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe" umamveka pa wailesi ndi pa misonkhano ngati ciphunzitso ca cifundo basi. Koma mwambi wonse umapitiriza kuti "ukacenjera manja udya naye". Cigawo cimeneci cimasintha nkhani: kusamala mwana wa mnzako ndi cifundo, komanso ndi kuona patali, pakuti mwanayo akadzakula angadzakudyetse. Eni mwambi sadacite manyazi kuvomereza kuti ubwino ndi phindu zimayendera limodzi mumtima wa munthu. Woudula pakati amatsala ndi mawu okoma koma osaya.

Mwambi ukawoloka kupita ku cilankhulo cina

Chakanza adalembera owerenga Cingelezi. Kwa wowerenga wa ku Mozambique, Cingelezi ndi cilankhulo cacitatu, kotero mwambi umayenda ulendo wautali: kucoka m'Cinyanja, kudzera m'Cingelezi, kukafika m'Cipwitikizi. Pa ulendo wotere njira yacidule imene imakopa anthu ndi kufunafuna mwambi wa Cipwitikizi wofanana nawo n'kuika cizindikiro ca kulingana pakati.

Njira imeneyi imataya zambiri. "A união faz a força" ndi mawu oyamikira umodzi, oyenera pa mbendera kapena pa msonkhano. "Mutu umodzi susenza denga" uli ndi cithunzi ca nchito yeniyeni: denga la nkhokwe limamangidwa pansi, kenaka anthu angapo amalowa pansi pake n'kulinyamula kukaliika pamwamba. Mwambiwu kawirikawiri umauzidwa munthu amene akuyesa kucita yekha cinthu cofuna anthu ambiri, kotero uli ndi kacidzudzulo kamene mnzake wa Cipwitikizi alibe. Cimodzimodzinso "Quem tem boca vai a Roma" umalonjeza mphotho kwa wofunsa, pamene "Safunsa adadya phula" umaseka wosafunsa amene adapatsidwa cisa ca njuci n'kumeza phula m'malo mwa uci. Wina ukukoka ndi lonjezo, wina ukukankha ndi manyazi.

Zina zimatayika cifukwa zili m'malamulo a cilankhulo momwemo. Mu "Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu", mphatikiram'mbuyo ka- ndi ti- ndi za gulu la maina ocepetsa. Wokhala yekha ndi kanyama, koma ngakhale awiriwo sadafike pokhala anthu akuluakulu: ndi tianthu cabe. Mwambiwu ukuyamikira kukhala awiri uku ukukumbutsa kuti munthu ndi wocepa ndithu. Womasulira amene angolemba kuti awiri amaposa mmodzi wataya theka la ganizo. Palinso kamvekedwe. "Walira mvula walira matope" uli ndi mbali ziwiri zolemera mofanana, ndipo kulemera kofananako ndiko kukunena kuti cabwino ndi covuta cake zimabwera pamodzi. Aneni ngati susenza, sawawa ndi akoma alibe -ma- amene anthu amaika polankhula tsiku ndi tsiku, ndipo kusowa kwake kumadziwitsa khutu kuti awa ndi mawu osiyidwa ndi akale. Buku lofotokoza m'Cingelezi silikhala ndi malo okambira zimenezi.

Miyambi ili ndi msinkhu, ilinso ndi eni ake

Mutu wa bukuli umanena za nzeru za anthu, ngati kuti anthuwo ali ndi liwu limodzi ndipo zonse zimene adanena ndi nzeru. Miyambi yeniyeniyo ikukana zimenezi. Tsobola ndi fodya ndi mbewu za ku America zimene zidafika ku Africa pambuyo pa caka ca 1500, kudzera m'malonda a pa nyanja amene Apwitikizi adali nawo patsogolo. Miyambi yochula mbewuzi idapangidwa mbewuzo zitafika kale. Idayamba ndi munthu wina, pa nthawi ina, pofuna kupambana mkangano wina.

Ina ndi yatsopano kuposa pamenepo. "Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda" ndi "Ng'ombe yaikazi sikoka ngolo" ikuchula zinthu zimene zidafala m'nthawi ya atsamunda. Woyambawo umapepukitsa cimasomaso ca amuna, ndipo m'zaka za Edzi mtengo wake udaoneka. Waciwiriwo umagwiritsidwa nchito pokaniza akazi utsogoleri. Mtsikana wa ku Tsangano amene amaona ngolo zikutsika ndi matumba a kacewere akaumva mwambiwu m'kalasi, utachedwa nzeru za makolo, wauzidwa kuti malo ake adawaika kale ndipo palibe apilo. Nawonso "Wamkacisi adya zamkacisi" lero umamveka pakamwa pa wogwira nchito amene watapa katundu wa pa nchito yake.

Wosonkhanitsa miyambi sayenera kubisa yotereyi, pakuti nchito yake ndi kusunga zimene anthu amanena. Koma wowerenga ayenera kudziwa kuti kukhala m'buku sikusandutsa mawu kukhala oona. Kawirikawiri mankhwala a mwambi woipa amapezeka m'miyambi momwemo. Wodzikhululukira ndi za m'kacisi angayankhidwe kuti coipa citsata mwini ndi kuti mlandu suwola. Woseka tsoka la mnzake amakumbutsidwa kuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Mwambo wa miyambi ndi bwalo la mtsutso, ndipo ndi m'menemo muli mphamvu yake.

Tanthauzo la zimenezi m'kalasi

Cinyanja cidalowa m'kalasi ku Tete m'nthawi ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a zilankhulo ziwiri adayamba kufalikira mu 2003. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya 2004 idapatula magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira kuti akhale a currículo local, ndiye kuti zinthu za m'dera la sukuluyo. Pofuna zodzaza nthawi imeneyi, miyambi ndi imene imabwera msanga m'maganizo, cifukwa ndi yaifupi, ndi yosavuta kulemba pa bolodi ndipo ndi yosavuta kufunsa pa mayeso: malizitsani mwambi uwu, perekani tanthauzo la mwambi uwu.

Apa ndi pamene kapangidwe ka mndandanda kangawononge. Mwana amene wamva agogo ake akugwiritsa nchito "Mlendo ndi mame" polimbikitsa banja kupirira mlendo wovuta, n'kulemba zimenezo pa mayeso, angalakwitsidwe ngati pepala la mayankho likungoti mlendo ayenera kulandiridwa bwino. Mwanayo adadziwa zoposa pepalalo, koma waphunzira kuti za kwawo si zolondola mpaka zitafanana ndi za m'buku. Feliciano Chimbutane, m'buku lake la 2011 locokera pa kafukufuku wa m'sukulu za ku Gaza, adaonetsa kuti ana amalankhula momasuka ndi kutsutsa maganizo pamene phunziro lili m'cilankhulo cawo, kusiyana ndi maphunziro a Cipwitikizi kumene kuyankha mwa cigulu kumaculuka. Phunziro la miyambi likasanduka kuloweza ndi kuyankhira pamodzi, ndiye kuti mwayi umenewo watayidwa pa phunziro limene lidayenera kuuonetsa bwino koposa.

Buku la Chakanza lingathandize kwambiri likagwiritsidwa nchito mwa njira ina. Mphunzitsi angasankhe miyambi iwiri yokokana, n'kupereka nkhani imodzi ya m'mudzi, monga ya mlimi amene akuganiza zogulitsa cimanga pokolola kapena kusunga mpaka mitengo itakwera, ana n'kugawana mbali. Angatume ana kukamvera mwambi kwawo ndi kubwera ndi mayankho a mafunso anayi: adaunena ndani, adauza yani, pa nkhani yanji, ndipo womverayo adatani. Pomasulira m'Cipwitikizi, ana angafunsidwe kuchula cimene catayika m'malo mongopeza mwambi wofanana. Mayankho otere, akasonkhanitsidwa sukulu ndi sukulu, angakhale maziko a buku limene Mozambique ikusowa: lofotokoza m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi, losonyeza kusiyana kwa kanenedwe pakati pa Lago, Angónia ndi Milange, ndiponso lopereka nthawi ndi anthu oyenera mwambi uliwonse.

Mwacidule, Wisdom of the People ndi nchito yaikulu ya munthu wakhama, ndipo liyenera kupezeka m'malaibulale a sukulu zophunzitsa aphunzitsi m'madera onse olankhula Cinyanja. Lidasunga mawu amene akadatayika, ena pamodzi ndi zigawo zawo zoiwalika. Cimene silidasunge, ndipo mndandanda uliwonse sungasunge, ndi kudziwa nthawi yonenera mawuwo. Wofuna kupindula nalo azilitsegula malo awiri nthawi imodzi, cala cina pa M, cina pa T, kenaka n'kufunsa ana kuti pa nkhani ya lero amveredwe ndani, ndipo cifukwa ciyani.